Jekete ya Mizere ya Bwana Matthews

Ine ndine Mfaume, telala wa pa Nathenje. Zaka zonse zimene ndinasoka pakhonde la sitolo ya a Abdulla, pamwamba pa makina anga panali chikwangwani cha penti yofiira chonena kuti TELALA WOSAPSEREZA. Ndinkachinyadira kuposa mmene ndinkanyadira ana anga, Mulungu andikhululukire. Matelala ena a m'mbali mwa msewuwo anali atawotchapo malaya a eni ake ndi simbi ya makala, koma ine ayi. Ndi mmene ndinkawauzira anthu.

Lachitatu lina m'chaka cha 1987, mnzanga Gilibati anatulukira pa njinga kuchokera ku Mitundu, thukuta lili kamukamu, fumbi mpaka m'nsidze. Gilibati ankasankha fodya pa esiteti ina kuseri kwa Mitundu. Kulemba sankadziwa, ngakhale dzina lake lomwe, koma tsamba la fodya akangoligwira ankakuuza mbali ya munda kumene lathyoledwa.

"A Mfaume, siyani zonsezo!" anakuwa asanatsike n'komwe. "Lolemba kukubwera alendo, akufuna ine! Wina wachokera ku Blantyre, wina wakwera ndege kuchokera kutsidya kwa nyanja. Akuti chithunzi changa chili mu ofesi kunjako. Ndine dayilekitala, achimwene!"

"Dayilekitala wa chiyani?"

"Kaya! Koma ndine amene. Ndagulitsa mbuzi, mundisokere suti."

Ndisakunamizeni, nanenso mutu unazungulira. Mnzanga weniweni, amene tinkadyera limodzi chimanga chowotcha pamsika, wadziwika mpaka kunja! A Abdulla anatsitsa nsalu yabuluu yomwe inakhala pashelefu zaka zitatu popanda woifunsa mtengo. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo kudzaona dayilekitala akuyezedwa. Gilibati anatambasula manja, chifuwa chili patsogolo, n'kumandiuza kuti matumba akhale akuya. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma tsikulo panalibe aliyense wa ife amene anaukumbukira mwambiwo.

Amene anandidzidzimutsa ndi mkazi wanga Mwanjuma, atandibweretsera tiyi. "Chithunzi chakecho anajambulitsa liti? A Gilibati chibadwire anavalapo jekete?"

Ndinasiya kupalasa makina. Inde anavalapo, kamodzi kokha, pakhonde langa lomweli.

Zinali zaka zitatu m'mbuyomo. Bwana Matthews, mkulu woyendetsa esiteti ija, anandibweretsera jekete yotuwa ya mizere yoyera kuti ndiikulitse, pakuti mimba inali itayamba kuwatsogolera. Anati anaigula kunja ndipo mtengo wake ungagule makina anga kawiri. Ndinaisoka bwinobwino. Koma poisita, khala linathothoka m'simbi n'kugwera pakolala ya kumanzere, ndipo pamene ndinkalichotsa linali litaboola kale. Ndinatuluka thukuta la m'mapazi. Ndinadula kansalu kumpendero wa m'kati n'kuika chigamba mwaluso lonse limene ndinali nalo. Sichinkaoneka, kungoti mzere umodzi unakhota pang'ono pamene chigambacho chinakumana ndi nsalu. Sindinauze munthu, ngakhale Mwanjuma.

Podzaitenga, bwanawo anabwera ndi Gilibati ndiponso wojambula zithunzi. Anamuveka jeketeyo Gilibati, ine ndikugwira nsalu yoyera kumbuyo kwake, kenako anamudinditsa chala pamapepala atatu. Anati ndi za khadi la pantchito. Atatha anamuvula jeketeyo n'kumugulira fanta.

Zonsezi ndinazikumbukira, komabe ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati mwina bwanawo anamukweza udindo mwakachetechete. Suti ndinaimaliza Lamulungu, ndipo kunena zoona sindinasokepo ina yoposa imeneyo.

Lolemba ku Mitundu kunali ngati kuli ukwati. Anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mango kutsogolo kwa ofesi ya esiteti. Wapampando wa chipani wa m'deralo anaima pachipata kuona makadi a chipanicho, ndipo langa ndinali nditalisokerera kale m'thumba kuti lisatayike. Martina, mkazi wa Gilibati, anabwera ndi amayi a kwaya. Gilibati mwini wakeyo atatulukira atavala suti yanga, nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Ine ndinkangouza aliyense amene ndinayandikana naye kuti wasoka ndine.

Landirova inafika dzuwa litakwera. Munatuluka mayi wamfupi wa magalasi amene anati dzina lake ndi Zipora, wa ku ofesi ya msonkho, kenako mzungu wamtali wa chikwama chachikopa, ndi apolisi awiri. Bwana Matthews anawalandira ndi manja awiri, atavala jekete yotuwa ya mizere ija.

Mayi Zipora anafotokoza m'Chichewa chomveka bwino. Anati kutsidya kwa nyanja kuli kachilumba kumene makampani salipira msonkho ndipo safunsidwa mafunso. Kumeneko kunali kampani yopanda ofesi, yopanda wantchito, koma bokosi la makalata basi. Chaka ndi chaka esitetiyi inkatumizako ndalama za fodya, n'kumati ikugula mathirakitala. Thirakitala silinabwerepo ndi limodzi lomwe. Kuno esiteti inkalira umphawi kuti isapereke msonkho, ndipo wina wosainira zilolezo ankalandirako kangachepe kuti atseke maso.

"Kale tikafunsa kuchilumbako ankatikaniza," anatero mayiwo. "Tsopano maboma agwirizana zoonetsana mapepala, ndipo bambo awa abwera nawo okha. Mapepalawo akuti mwini wa kampaniyo ndi Gilibati. Alipo pano?"

"Ndine amene!" anayankha Gilibati akudzigunda pachifuwa, ndipo amayi a kwaya anaimbanso nthungululu.

Kalanga Gilibati! Sanamve kanthu pa zonse zija, anangomva mawu akuti mwini. Wapolisi mmodzi anasendera n'kuima kumbuyo kwake. Nthungululu zinazima imodzi imodzi.

Bwana Matthews anapukusa mutu ngati wamva chisoni. "Ine ndimangoyendetsa munda, mayi. Kampaniyo sindiidziwa, ndinkangolipira kumene mapepala andiuza. Koma taonani nokha suti yavalidwayo. Wosankha fodya angaipeze kuti suti yotere?"

Apa ndiye ndinapsa mtima. Luso langa lomwe ndi limene linkamumanga mnzanga! Ndikanasoka mwachisawawa ngati matelala a ku Kamphata, mwina akanaoneka wosauka mmene analili. Gilibati anayamba kuvula jekete ya suti yanga ija, akulumbira kuti anagulitsa mbuzi. Martina anakhala pansi n'kugwira kumutu.

Mzungu uja anatulutsa chithunzi m'chikwama n'kuchiika patebulo. Ndinasuzumira. Anali Gilibati, maso ali tong'o, atavala jekete ya mizere, ndipo kumbali kunkaoneka zala zanga zitagwira nsalu.

Masiku amenewo pakamwa pankatha kukutengera kumene sungabwerereko, ndipo bwana Matthews ankadya ndi akuluakulu. Zimenezo ndinkazidziwa. Koma chimene chinanditseka pakamwa kwenikweni, ndinene mwamanyazi, chinali chikwangwani changa chofiira. Ndinayang'ana Gilibati. Wapolisi anali atatulutsa kale unyolo.

"Pepani mayi," ndinatero ndikukweza mkono ngati mwana wa sukulu. "Ndine Mfaume, telala wa pa Nathenje. Chithunzichi anajambulira pakhonde langa. Jekete ili pachithunzipo si ya a Gilibati, ndi iyo avala bwanayo. Anawaveka okha, n'kuwadinditsa chala, ati khadi la pantchito."

Bwana Matthews anaseka. "Majekete a mizere alipo angati pa dziko lapansi, bambo telala?"

"Ambiri, bwana. Koma yopserera pakolala ya kumanzere ndi imodzi. Ndinaipsereza ndine."

Anthu anati haa! Wina kumbuyo anafuula kuti, "Wosapsereza uja?" ndipo ena anayamba kuseka. Makutu anga anatentha, koma pakamwa panali patatseguka kale. Ndinafotokoza za khala lija, za chigamba, ndi za mzere wokhota. Ndinawauzanso kuti chovala chilichonse chikafika kwa ine ndimalemba dzina la mwini wake ndi bolopeni kuseri kwa thumba la m'kati, kuopa kusokoneza.

Mayi Zipora anamasulira. Mzungu uja anadzuka msangamsanga mpaka mpando unagwa, n'kutulutsa galasi lokuzira zinthu. Anayang'ana pachithunzi, kenako pakolala ya bwana, n'kubwereranso pachithunzi. Nkhope yake inafiira ndi chisangalalo, akulankhula Chingerezi chothamanga chimene sindinatolepo kanthu.

"Bwana Matthews, tavulani jeketeyo," anatero mayi Zipora.

Anakana kawiri, kachitatu anavula. Mayiwo anatembenuza kolala, ndipo chigamba changa chinaonekera poyera, ulusi wake uli ndondondo. Anatembenuza thumba n'kuwerenga mokweza dzina limene ndinalemba ndi dzanja langa. Wapolisi uja anachoka kumbuyo kwa Gilibati n'kukaima kumbuyo kwa bwana.

Phokoso lake! Amayi a kwaya anayambitsa nyimbo, osankha fodya anzake anamunyamula Gilibati m'mwamba suti ili yomweyo, ndipo Martina anandigwira dzanja osafuna kulisiya. Mzungu uja anandipatsa moni wa manja awiri, ndipo mayi Zipora anati akunena kuti wayenda mayiko anayi kufunafuna munthu amene anaimika kampaniyo, osadziwa kuti umboni uli pakolala. Ine ndinavina nawo, inde, telala wamkulu ndi ndevu zanga. Ine ndi Gilibati tinakaperekanso umboni ku Lilongwe, koma iye sanagone m'chitokosi ngakhale tsiku limodzi.

Chikwangwani ndinachitsitsa ndekha m'mawa mwake, matelala anzanga asanandithandize. Anandiseka mwezi wathunthu, ndipo ena mwa makasitomala anga anasamukira kwa iwo. Zinandiwawa, sindibisa.

Patapita sabata ziwiri Gilibati anabweranso pa njinga yake, suti ija ataikulunga bwinobwino m'nyuzipepala. Anati akufuna ndimusitire, pakuti Lamulungu akaivala kutchalitchi. Ndinakoleza makala, n'kuyala jeketeyo patebulo. Iye anaima pambali panga akuyang'ana simbi.

"A Mfaume," anatero motsitsa mawu, "mugwetsepo kakhala kamodzi pakolalapo."

"Mwapenga kodi? Suti yatsopano?"

"Ine kulemba sindidziwa, achimwene. Akadzandisokonezanso ndi munthu wina, mudzandizindikire."