Mbali Yotsutsa Patebulo la Bambo

Bambo anga amaona lamulo lililonse latsopano ngati chimfine: chongobwera kudzasokoneza anthu. Ali loya, wigi yawo ankaipesa okha, ndipo tayi sankavula ngakhale pothirira maluwa. Atasankhidwa kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo, anzawo anawatcha A Ayi chifukwa cha kavotedwe kawo.

Ntchito ankaigwira mwa njira yawoyawo. Asanakayankhule kulikonse, ankakhazika munthu wa pakhomo patebulo lodyera kuti awatsutse. Mayi anatsutsana nawo mpaka kumera imvi, kenako anatula pansi udindo, ati bola kuchapa makatani.

Ulendo uno ntchitoyo inagwera ine. Ndinabwera ndi kachikwama kamodzi ngati wodzacheza, koma zoona zake ndinali nditathawa kwa mwamuna wanga. Ndinkaopa kuti bambo akadziwa andibweza. Mwatsoka, bilu imene ankakonzekera kukaikana inali yofewetsa njira zothetsera ukwati.

"Khala apo, ndiwe mbali inayo," anatero akupukuta magalasi. "Ine ndikuti banja n'kupirira. Nditsutse."

"Nanga mkazi akamagona atakhoma chitseko chifukwa cha mantha, apirirebe, bambo?"

"Umboni uli kuti? Usamabwere kukhoti chimanjamanja."

"Nanga akamavala malaya a manja aatali dzuwa likuswa mtengo?"

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma maso awo anagwera pamanja aatali a malaya anga. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anasonkhanitsa mapepala awo n'kunena kuti khoti layamba lapuma.

M'mawa mwake ndinawaonera pa TV. Anaimirira ataongoka ngati mzati, n'kuikana biluyo mwaulemu wawo wonse, mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono. Mtima unandiwawa kwambiri. Ndinawakwiyira, komanso ndinadzikwiyira ndekha poganiza kuti munthu amene sanasinthepo ngakhale mtundu wa sopo angasinthe chifukwa cha ine. Ndinalongedza kachikwama kanga ndikulira.

Madzulo, ndikutuluka ndi kachikwamako, galimoto ya bambo inaima pageti, koma injini sanazimitse. Anatsitsa galasi n'kundikodola.

"Bilu ija ndaikana, ndipo ikabweranso ndidzaikananso," anatero osandiyang'ana.

"Ndinaona, bambo."

"Chikwamacho kabweze kuchipinda kwako. Lowa m'galimoto tikatenge katundu wako yense. Mwamunayo akatsegula pakamwa, iwe ukakhale chete, mwana wanga. Loya wako ndine."