Kakalata ka M'chikuto Chomaliza

Shopu ya bambo ake inali yopapatiza, yopanikizidwa pakati pa telala ndi wogulitsa mabatire a galimoto. Munali mashelefu atatu, onse odzaza ndi madisiki a magemu omwe anthu anasewera kale. Munthu ankabwera ndi gemu yomwe watopa nayo, n'kuisiya, n'kutenga ina. Chimalizireni sukulu, ntchito ya mtsikanayo inali kutsegula chikuto chilichonse chobwezedwa, kuyang'ana disiki padzuwa ngati yakalika, kuipukuta ndi kansalu kofewa, n'kuibwezera pamalo pake. Bambo ake ankamuitana kuti Mayi, poti anali mwana wamkazi yekhayo. Makasitomala ankangoti achemwali a pakauntala.

M'chikuto ndi momwe anapezamo kakalata koyamba. "Gemu iyi ndi yovuta ngati nkhope yanu ya Loweruka lapitali." Pansi pake panalibe dzina, koma kababu kojambulidwa ndi bolopeni. Anadziwa kuti ndi uja wa zamagetsi, wa m'gulu lomwe linkadzala mapolo ndi kukoka mawaya atsopano m'deralo. Ankabwera Loweruka lililonse cha m'ma thuu koloko, chipewa cholimba chili kukhwapa, ndipo pakauntala sankanena china choposa moni ndi zikomo.

Mtsikanayo anayankha m'chikuto cha gemu yotsatira: "Nkhope siyobwereketsa. Disiki musamaigwire ndi manja a girisi."

Zinayamba choncho. Miyezi isanu, kalata imodzi pasabata, pamaso pa bambo omwe ankaoneka otanganidwa ndi wailesi. Mnyamatayo ankalemba za momwe tauni imaonekera uli pamwamba pa polo, madenga okhaokha ndi zovala zoyanikidwa. Mtsikanayo ankalemba za maloto ake, ena enieni, ena ongopeka kuti kalata italike. Masiku asanu ndi limodzi apakatiwo ankamutalikira moti pofika Lachinayi ankakalipira ngakhale ntchentche.

Mnyamatayo atapempha nambala ya foni, iye anakana. Ankafuna chikondi chodikirira, chosafanana ndi cha anzake. "Foni imapha nkhani," analemba. "Munati ntchito ikatha gulu lanu lidzasamuka. Tsiku limenelo mudzandilembere nambala yanu m'chikuto chomaliza. Woyamba kuimba ndidzakhala ine."

Ndiye kampani yopanga makina a magemuwo inalengeza lamulo latsopano. Disiki izikhala ya makina amodzi okha, omwe yayambira kusewera. Kubwerekana ayi, kugulitsana ayi. Bambo anamva pawailesi, anaizimitsa, n'kuyang'ana mashelefu awo.

"Zaka khumi ndi zinayi," anatero. "Munthu sanandionepo n'komwe, wanditsekera shopu ali pa mpando wozungulira."

"Ababa, anthu akukana! Pa intaneti ponse pali moto. Asintha, muona."

"Mayi, kampani ya kutsidya kwa nyanja ingamve iwe? Ine amene sumandimva."

Makasitomala anayamba kuchepa. Ndani angasinthanitse chinthu chomwe mawa chikhala chosasewereka? Mwini nyumba anati pali mayi wina akufuna chipindacho kuti atsegule saluni. Bambo anavomera. Anapangana ndi wamaoda wina, wogula katundu wambiri nthawi imodzi, kuti adzatenge katundu yense Lolemba. Sabata yomweyo kakalata ka wa zamagetsi kanati: "Mapolo atha. Loweruka likudzali ndi lomaliza."

Mtsikanayo sanali wokhala pansi. Anagula kope n'kuyamba kusonkhanitsa masiginecha a okana lamulolo, kuti ajambule masambawo n'kuwatumiza komwe ena ankatumiza. Telala anasaina kawiri. "Kamodzi ine, kamodzi makina angawa," anatero. "Mwina mawa anena kuti diresi lisabwerekedwe."

Loweruka m'mawa anaona kuti mayina akuchepa. Anawerengera nthawi: akapita ku depoti ya mabasi ndi kukoleji, abwerako thuu koloko isanakwane. Anatenga pashelefu gemu yomwe anamusankhira mnyamatayo, naiika m'chikwama, nathamanga. Kukoleji anyamata anamuchedwetsa ndi mikangano, wina kufuna kusaina ndi dzina lake la mugemu, wina kufunsa ngati achemwali ali pabanja. Masamba anadzaza. Anabwerera akumwetulira yekha mumsewu.

Anapeza chitseko chili pululu, mashelefu ali mbee. Pansi panali tizidutswa ta selotepi ndi fumbi looneka mizeremizere momwe munkakhala zikuto. Bambo anali atakhala pa kauntala, miyendo ili lendelende ngati mwana.

"Wamaoda wabwera lero," anatero asanafunsidwe. "Akuti lole yake imadutsa konkuno."

"Nanga... pabwera munthu?"

"Uja wa chipewa. Anafika cha m'ma leveni, galimoto ya anzake ikuliza hutala panjapo. Anaima pakhomopa nthawi yaitali, kuyang'ana uku, kuyang'ana uku. Kenako anasiya gemu yake pakauntala n'kupita."

"Ili kuti?"

Bambo anayang'ana pansi.

"Ababa, ili kuti?"

"M'katoni, Mayi. Anyamata a wamaoda amangokokolola chilichonse." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Umayesa sindinkaona timapepala tanuto? Ndinkaona. Ndinati ndikusungira. Koma atayamba kutsitsa shelefu yoyamba ija, mutu sunalinso wanga."

Mtsikanayo anafuna kukuwa, koma anadzigwira. Anangoika kope lija pakauntala, pomwe panali gemuyo.

Lolemba analawirira kunyumba yosungira katundu ya wamaoda. Anamupeza bamboyo akudya chinangwa, foni ili kukhutu. Madisiki onse anali atachotsedwa m'zikuto, atatungidwa pa timitengo ngati mikanda.

"Zikuto zimadya malo, chemwali," anatero wamaoda. "Zapita dzulo kwa osungunula pulasitiki."

"Munali mapepala mkatimo."

"Mapepala? Tinasesa n'kutentha. Bwanji, munali chuma?"

Kuseri kwa nyumbayo kunali mulu wa phulusa. Anaufukula ndi kamtengo mpaka zala zinada. Anapeza ngodya ya chithunzi cha galimoto yothamanga, basi. Kuchoka apo anapita komwe gulu la zamagetsi linkagona. Anapeza bwalo lopanda kanthu, udzu wofota momwe munali matenti, ndi chigudumu chachikulu chokulungira waya chitagona cham'mbali. Mlonda anati magulu otere ndi ambiri, amapita komwe ntchito yawaitana. "Dzina lake ndani?" anafunsa. Mtsikanayo sankalidziwa. Akanati chiyani, kababu?

Patatha masabata atatu, wailesi yomwe ija, tsopano ili pawindo la kunyumba, inanena kuti kampani yabweza lamulo lake. Akuluakulu ake ati amva madandaulo a anthu. Bwerekanani, gulitsanani, monga kale. Bambo anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano, n'kupitiriza kumanga waya wa mpando wothyoka.

Loweruka mtsikanayo anapitabe kumsewu uja, monga ankachitira Loweruka lililonse. Telala anamuona ali patali.

"Achemwali a masiginecha! Mwawina! Siginecha yanga yachiwiri ija ndi imene yawagwetsa!"

Anayesa kumwetulira. M'shopu muja munali magalasi ndi fungo la mankhwala a tsitsi. Pomwe panali kauntala panali mayi atakhala, mutu uli m'chowumitsira. Bambo wina anafika ndi madisiki atatu m'manja, nasuzumira, nabwerera m'mbuyo kuti awerengenso chikwangwani.

"Pajatu panali shopu ya magemu pano?"

"Inalipo," anayankha mtsikanayo.

Anaima mpaka mthunzi wa polo latsopano unafika pamapazi ake, kenako anabwerera kwawo. Anatulutsa m'chikwama gemu ija, yokhayo yotsala mwa mashelefu atatu, naipereka kwa bambo ake.

"Akuti tsopano ndi yololedwa," anatero.

Bambo anatsegula chikuto mwachizolowezi, kuti aone ngati disiki yakalika. Kapepala kanagwera pamiyendo pawo. Anakatola, ndipo asanakapinde anaona zomwe zinalembedwa: "Ndalephera kudikira. Imbani ndinu." Pansi pake panali nambala ya mwana wawo.

Anakabwezera bwinobwino momwe kanali, natseka chikuto mpaka chinalira kuti tha. Sanaike disikiyo m'makina. Anangoigwira pachifuwa, ndipo mwana wawo anakhala pansi pafupi ndi mpando wothyokawo, foni ili m'manja.