Mphindi Zitatu pa Nthunzi

Bodza la Maureen linali la liwu limodzi lokha: "Ndimatha." Analinena Lachisanu m'khitchini ya kwa Fereira ku Benoni, komwe anali atagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri akusamalira agogo a pakhomopo. Dokotala anali atawaletsa agogowo zokazinga zonse, iwo n'kungonyanyala kudya. Ankafuna tizilombo ta m'nyanja totchedwa mapulonzi, tophika pa nthunzi, monga ankadyera ali mtsikana ku Beira. Mwana wawo, madamu Paula, sanapite m'mbali: Maureen akalephera Lolemba, adzafuna munthu wina wodziwa zakudya za m'nyanja.

Ankatha chiyani mwana wa ku Mchinji? Kale agogowo ankaphika okha tizilombo tandevuti, totuwa ngati ziwala zogwera m'madzi, Maureen n'kumathawira kochapa atagwira mphuno. Koma ntchito imeneyi sakanailola kuti ipite chifukwa cha tizilombo. Komanso agogowo ankawakonda, ngakhale anali olongolola.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi anagula paketi imodzi ya mapulonzi a m'firiji n'kukadzitsekera m'chipinda chake ku Etwatwa. Atasungunuka, anawang'amba pamsana n'kuchotsa katumbo kakuda, monga ankaonera chapatali. Anawagawa milu itatu. Mumpoto anathira madzi pang'ono, mchere ndi adyo, pamwamba n'kukhazikapo sefa yosefera ufa. Mulu woyamba unalowa m'sefamo, chivundikiro pamwamba.

Anadikira mphindi makumi anayi. Musamuseke msanga. Kwathu mkazi akapereka ndiwo zosapsa, mbiri yake imafika kuchigayo iye asanatsuke mbale. Maureen analeredwa kuti chamoyo chilichonse chizikhala pamoto mpaka chigonje.

Fungo linaitana Nelly wa chipinda choyandikana, mayi wa ku Chipata amene anatsukapo mbale m'lesitilanti ya nsomba ku Boksburg. Anatola limodzi, analuma, nsagwada zinagwira ntchito ndithu.

"Haibo, ba Maureen! Mwaphika matayala ya taxi?" anatero Nelly akulavulira m'dzanja. "Ivi vinthu vifuna maminitsi yatatu chabe. Vikafiira na kupindika pang'ono, chosani."

"Atatu? Inu mukufuna ndiphe agogo a eni ake?"

"Manje muzawapha na njala. Ikani vina, nizaona nthawi."

Mulu wachiwiri unalowa. Nelly anayang'anitsitsa foni, kenako anakuwa kuti nthawi yakwana. Maureen anavundukula. Mapulonzi anali atafiira bwinobwino, akunyezimira. Anawayang'ana, mtima unakana, dzanja linabwezera chivundikiro lokha.

"Pang'ono pokha, sisi. M'kati simunapse."

Pang'ono pakepo panakwana mphindi khumi. Nelly anamenya m'manja kamodzi, n'kunena kuti iye sangaphunzitse munthu wamakani chonchi, ndipo anabwerera kukachapa zovala zake.

Maureen anakhala pabedi, manyazi ndi mkwiyo zitamugwira. Panatsala mapulonzi asanu ndi limodzi basi, ndipo mawa linali Lolemba. Apa anaona poyera kuti vuto silinali sefa kapena moto. Vuto linali dzanja lakelo, lophunzitsidwa ndi mayi ake, lomwe silikanamvera foni ya munthu.

"Chabwino," anatero akuyang'ana dzanjalo. "Tiona ngati ubwezere pamoto wozima."

Anaika mulu wotsiriza, anatchera alamu, n'kuima chogwira waya wa sitovu. Mphindi zitatu n'zochepa, koma tsiku limenelo zinatalika. Alamu italira anazula waya kukhoma, ananyamula sefa n'kuthamanga nayo panja, kukaikhazika pa njerwa pafupi ndi mpopi, kutali ndi mpoto. Anthu apabwalopo anangomuyang'ana.

Kunatsala kulawa, poti Maureen sanaperekepo kwa munthu chakudya chimene iye sanalawe. Anasenda limodzi, anafinyira ndimu, anatsinzina. Ankayembekezera nseru. M'malo mwake kanyamako kanali kofewa, kamadzimadzi, kotsekemera chapatali. Anatsegula maso n'kutenga lachiwiri.

"Nelly! Tabwerani mudzaone matayala anu aja!"

Nelly anabwera manja ali thovu lokhalokha, anadya limodzi. Anangotenganso lina.

Lolemba masana madamu Paula anaima pakhomo la khitchini manja atapinda. Kunali mpoto weniweni wa nthunzi, wagalasi pamwamba, koma Maureen sanaukhulupirire kuposa alamu yake. Italira anazimitsa moto, n'kutuluka ndi mbale msangamsanga osacheuka.

Agogo anali pampando wawo pawindo, ataonda mpaka mphete ikuzungulira pachala. Ananunkhiza mbaleyo mokayika. Anasenda limodzi pang'onopang'ono, anatafuna, kenako anatola mutu wake n'kuuyamwa mwaphokoso, ulemu wonse ataiwala. Lachiwiri linatsatira, lachitatu, lachinayi. Madamu Paula anatembenukira kukhoma akupukuta m'maso, chifukwa mayi awo anali asanamalize mbale kwa milungu itatu.

"Wakuphunzitsa ndani?" anafunsa agogo m'Chingerezi chawo chothyokathyoka.

"Ndaphunzira dzulo, agogo. Lachisanu lija ndinanama."

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinadziwa. Zaka zonsezi umathawa fungo, ukuganiza sindinkakuona?" Anakankhira mbale yopanda kanthu kwa mwana wawo. "Paula, munthu wako winayo umuuze asabwere. Ndipo ufunse ngati atsalako mumpoto."