Tsiku Limene Malume Anakhala pa Hotela Yawo

Malume atagula malo pa phiri lija limene kalekale linkalavula moto, munthu woyamba amene iwo anamuimbira foni anali mwana wa mchemwali wawo. M'banja lonse ndi mtsikanayu yekha amene anaphunzira zojambula mapulani a nyumba. Anawafotokozera kambirimbiri kuti iye si injiniya, koma malume ankamutchulabe Injiniya mpaka dzinalo linamukanirira.

"Injiniya, ndikufuna hotela," anatero malume. "Yoti munthu ali pamsewu waukulu uko aziponda buleki asakufuna."

Malumewa anakulira m'mabasi. Anayamba ndi ukondakitala mpaka kukhala ndi mabasi awoawo, ndipo basi iliyonse inkapakidwa penti wa mitundu isanu. Kwa iwo chinthu chosaonekera patali chinali chinthu chimene mwini wake akuchita nacho manyazi.

Injiniya anakwera phirilo Loweruka m'mawa, kope kukhwapa. Zimene anapeza zinamudabwitsa. Paliponse panali miyala yakuda bii, chiphalaphala chamoto chimene chinauma chili pa ulendo, makwinyamakwinya ngati nsalu yosasita. Miyala ina inali yazibowo, yopepuka moti ankainyamula ndi zala ziwiri. M'ming'alu munkatuluka nthunzi yofunda yonunkha mazira owola, ndipo pamiyala panamera ndere zachikasu. Anakhala pansi n'kujambula mpaka pensulo inafupika.

Patatha milungu itatu anafika kunyumba kwa malume atanyamula thabwa, pamwamba pake atamangapo kahotela kachitsanzo ka miyala yeniyeni ya kuphiriko. Analiika patebulo la pabalaza. Malume anavala magalasi, n'kuzungulira tebulolo kawiri.

"Hotelayo ili kuti?"

"Ndi imeneyi, Malume."

"Iyi ndi milu ya miyala, mwanawe. Ine ndikufuna nsanjika zisanu, malata abuluu, pageti mikango iwiri ya simenti."

"Anthu obwera kuphiri amakhala akuthawa zimenezo. Akufuna akadzuka aziona phiri, osati mikango."

"Nanga mikango yalakwanji?"

Anakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu. Pomaliza anagwirizana zomanga kaye chipinda chimodzi. Malume akadzapanda kuchikonda, Injiniya ajambula nsanjika zisanuzo osatsegulanso pakamwa.

Ntchito anaipereka kwa a Kapitawo, bambo wosayankhulayankhula amene anamanga nyumba zambiri koma anali asanauzidwepo kuti abise imene akumanga. Chipindacho anachiika m'chigwembe pakati pa mizere iwiri ya miyala. Makoma anali a miyala yomweyo. Denga linali la konkire, koma pamwamba anayalapo miyala ndi udzu wa pomwepo, n'kusiya kazenera kamodzi kagalasi kolowetsa kuwala. Pansi anadutsitsa mapaipi ochokera ku mng'alu wa nthunzi kuti simenti izifunda. Zenera lalikulu linayang'ana kuchigwa, kufulatira njira.

Tsiku lodzaona ntchito, malume anakana kuti awalondolere njira.

"Ine ndayenda misewu yonse popanda mapu. Ndingasochere pamalo anga omwe? Kadikireni komweko."

Injiniya ndi a Kapitawo anakadikira m'chipindamo. Panatha mphindi makumi awiri, kenako makumi anayi. A Kapitawo anayamba kusenda lalanje. Ndiye foni inalira.

"Injiniya! Miyezi itatu yonseyi munkatani kuno? Kuothera dzuwa? Ndazungulira phiri lonse, mawondo atha, ndipo sindinaone ngakhale njerwa imodzi!"

Chodabwitsa n'chakuti mawuwo ankamveka kawiri, pafoni komanso chapamwamba. A Kapitawo analoza kudenga ndi chidutswa cha lalanje. Pakazenera kaja panali zidendene ziwiri za nsapato zakuthwa, zikugogoda galasi ndi ukali.

"Malume, panopa muli pati?"

"Ndakhala pamwala! Ndikhalenso pati m'chipululu muno?"

"Musadumphe, Malume. Mwakhala pa hotela yanu."

Kenako nkhope ya malume inatulukira pakazenerapo, magalasi atatsetserekera pamphuno. A Kapitawo anawabayibitsa mwaulemu.

Malume analowa akung'ung'udza. Ati chitseko n'chakuda ngati cha ndende, ati mlendo angafe ndi njala akufunafuna bedi lake. Ali m'kati moyankhula anaima, n'kuyang'ana pansi. Anavula nsapato imodzi, kenako inayo, n'kuponda simenti yofundayo ndi masokosi.

"Mwasonkha moto pansipa?"

"Ndi phiri lomweli, Malume. Likutisonkhera ulere."

Anasendera pazenera. Chigwa chonse chinali poyera, mitambo ikuyenda m'munsi mwawo, kabawi akuzungulira osakupiza mapiko. Anakhala pa matiresi amene amisiri ankapumirapo, n'kunena kuti akufuna kuyesa ngati denga silidontha. Posakhalitsa mkonono unayamba. Atadzuka anati, "Sindinanene kuti ndachikonda," koma za nsanjika zisanu sanazitchulenso.

Injiniya anayenda masiku angapo mapewa ali m'mwamba. Nkhani ya zidendene pagalasi anaifotokozera amayi ake, azakhali, ngakhale munthu wogulitsa simenti.

Lachinayi lotsatira anapita kumtunda kukayeza malo a chipinda chachiwiri. Malume anawasiya m'chipinda choyamba chija, poti tsopano ankabwera tsiku lililonse, ati kudzayendera ntchito. Ali pakati pokoka tepi, nkhungu inatsika mwadzidzidzi, yoti dzanja lako lomwe osaliona bwino. Anapinda tepi n'kuyamba kubwerera. Anadutsa mwala wina wooneka ngati chipewa. Patapita kanthawi anaudutsanso. Ataudutsa kachitatu, anazindikira kuti wasochera. Mwala uliwonse unkafanana ndi denga lake, ndipo denga lake linkafanana ndi mwala uliwonse. Anagwada n'kupapasa pansi kufuna kazenera kagalasi, koma anangotola ndowe za mbuzi.

Foni inali m'thumba. Anaitulutsa, anayang'ana nambala ya malume, n'kuibwezeramo. Bola kugona panja.

Zala zitayamba kuuma ndi kuzizira, anaona kanthu kofiira kakugwedezeka m'nkhungumo. Anakalondola akupunthwa. Anali malume, ataima pakhomo, akukupiza jekete lawo lofiira pamwamba pa mutu.

"Takulandirani, mayi!" anafuula. "Mukufuna hotela? Ilipo yabwino kwambiri, kungoti amene anaijambula nayenso saidziwa pamene ili."

"Ndimangoyendera malo, Malume."

"Eya. Mwala uja wauyendera katatu. Ndimakuona nkhungu ikang'ambika."

Anamufunditsa jeketelo, n'kumukhazika pasimenti yofunda. A Kapitawo anamupatsa tiyi wa m'fulasiki, mapewa awo akugwedezeka ndi kuseka.

"Chabwino," anatero Injiniya atamwa theka la kapu. "Zitseko tizipaka penti. Komanso tiika tinyale tating'ono m'mbali mwa njira."

"Mitundu isanu."

"Umodzi."

"Inayi, ndi mzere wobiriwira."

"Umodzi, Malume."

A Kapitawo anatsamira khoma n'kukokera chipewa kumaso. "Mukagwirizana mundidzutse."

Injiniya anatuluka n'kubwera ndi kamwala kokhala ndi ndere zachikasu, n'kuwaikira malume m'dzanja. Malume anakatembenuza, anakaunika pazenera, n'kunena kuti chikasu chake n'chamanyazi koma n'chikasu ndithu.

M'mawa mwake malume anabwera ndi chitini cha penti wachikasu ndi bulashi yawoyawo. Sanalole mmisiri aliyense kukhudza chitsekocho. Anachipaka okha, pang'onopang'ono, lilime lili panja, ndipo atamaliza anabwerera chafutambuyo kuti aone ngati chikuoneka patali. Anabwerera, kubwerera, mpaka Injiniya anachita kuwathamangira n'kuwagwira lamba asanakhale mu mng'alu wa nthunzi.