Denje la Make Sabrin

Kwathu mumzinda wa Mahala denje saliphika mwakachetechete. Ukalidula ndi mpeni wokhota ngati mwezi mpaka lisalale, n'kulithira mu msuzi wa bakha, umakazinga adyo pambali. Ndiye pokhuthulira adyoyo mumphika umayenera kukoka mpweya mofuula ngati waona njoka pamphasa: hiii! Timati kulidzidzimukira. Ukapanda kutero denje limamira, masamba pansi, madzi pamwamba, ndipo mkazi amene denje lamumirira pamaso pa alendo amasowa poika nkhope. Musandifunse kuti mphika umamva bwanji. Ine ndinazipeza zili choncho.

M'nyumba yathu yansanjika katswiri anali Itidal, make Sabrin, amene khomo lake linkayang'anizana ndi langa. Akadzidzimuka iyeyo, wogulitsa malalanje kumsewu ankatukula mutu. Koma zimenezo zinali kale. Mwamuna wake atamwalira, Itidal anakalowa ntchito ku fakitale ina ya thonje, ndipo fumbi linamudya chifuwa pang'onopang'ono. Chaka chimene ndikunenachi ankapumira panjira pokwera masitepe, ndipo anali atayamba kulavula magazi. Za magazizo ndinkadziwa ine ndekha, poti tinsalu take ndinkachapa ndine kuti mwana asaone.

Sabrin anali ndi womufunsira, Ramzi, mnyamata wokonza mawailesi, wofatsa mpaka kutopetsa. Vuto linali mayi ake, a Haja Nefisa. Wapakamwa wina anawanong'oneza kuti kwa Itidal kuli chifuwa chachikulu, ndipo kwathu kuno mtsikana wochokera m'nyumba ya chifuwa amakalamba akusuzumira pawindo. Adokotala anali atanena kuti ndi fumbi, silipatsirana, koma zimenezo akanamva ndani? A Haja anatumiza mawu kuti abwera Lachisanu potuluka ku mzikiti, ati alakalaka denje la make Sabrin limene amangolimvera mbiri.

"Mayi amenewa sakufuna denje," ndinamuuza Itidal tikuthothola masamba. "Akubwera kudzamvetsera chifuwa chako. Udzatseke chitseko cha kukhitchini, ndidzadzidzimuke ndine."

"Iwe Bahiga, ndi kamawu kako ka mphaka wopondedwa mchirako?" Anafuna kuseka, koma analeka poopa chifuwa. "Msewu wonse umandidziwa. Adzangomva kamodzi n'kudziwa kuti tawanamiza."

"Ukakoka mpweya udzakhosomola mpaka mawa."

"Ndiye udzaimbe nthungululu kuti alendo asamve. Pakamwa ponsepo Mulungu anakupatsiranji?"

Ndinakwiya naye, koma mantha ndiwo anali ambiri.

Lachisanu linafika. Itidal ananyambita uchi m'mawa wonse, n'kudzipaka zofiira m'masaya. A Haja analowa ndi Ramzi ndi malume ake, ndipo mipando yonse anaisiya n'kukasankha umene unali pafupi ndi khitchini.

"Mwatsika thupi, make Sabrin," anatero akumuyang'ana m'khosi.

"Ndi chimwemwe, a Haja. Mwana akamafunsiridwa chakudya sichilowa."

Tinalowa kukhitchini awiri, ine n'kukankha chitseko ndi chidendene. Denje linali litafika pake, lobiriwira bwino, adyo akuyamba kufiira m'chiwaya. Itidal anagwira chiwayacho, naweramira mphika, natsegula pakamwa. Mpweya unathera pakhosi. Chimene chinatuluka ndi kamluzu kosamveka n'komwe. Anayesanso, ndipo chifuwa chinamudzukira. Anadzitseka pakamwa ndi nsalu, akupindika, akukhosomolera m'kati kuti pabalaza pasamveke, koma chiwaya sanachisiye. Adyo anayamba kuda. Ine ndinangoima ngati chitsiru, manja lendee.

Apo mpamene Sabrin analowa kudzatenga buledi. Anaona nsalu ili psuu, magazi akutsikira pachibwano cha mayi ake. Mwana uja anakoka mpweya umene sindinaumvepo chibadwire changa, wochokera pansi pa mimba, wautali, wong'amba mtima.

Itidal, ali chipindikire chomwecho, anapendeketsa chiwaya. Adyo analira mumphika, fungo n'kudzaza nyumba.

"Ehee!" anafuula a Haja kuseri kwa chitseko. "Mwamva, achimwene? Chimenecho n'chifuwa cha munthu wodwala? Anthu ali ndi mabodza!"

Ndinaimba nthungululu mpaka kukhosi kunawawa, ndipo m'kati mwa phokosolo Itidal anamaliza kukhosomola kwake. Kenaka anagwira mwana wake padzanja.

"Pukuta maso. Ukanene kuti ndi utsi."

"Amayi, zayamba liti?"

"Nyamula mbale, denje lingazizire."

Denje silinamire. A Haja anadya n'kuwonjezera, akukoka ndi buledi, akuyamikira. Amuna anagwirana manja n'kuwerenga pemphero la Fatiha, ukwati n'kutsimikizika. Sabrin anakhala pamenepo maso ali pansi, ndipo alendo anati ndi mtsikana wamanyazi, woleredwa bwino. Nsalu ija inali m'thumba la diresi langa, ikundinyowetsa pantchafu.

Ukwati unachitika, ndipo Itidal anauona ali pampando. Thonje la chaka chimenecho lisanakololedwe tinakamuika. A Haja anauza aliyense kuti chinali chibayo chadzidzidzi, chifukwa munthuyo anamumva okha ndi makutu awo ali bwinobwino.

Sabrin amakhala kwa apongozi akewo, ndipo Ramzi samuvutitsa. Koma ndikakumana ndi a Haja kumsika, dandaulo lawo ndi limodzi.

"Mwana uja sanatengereko mayi ake. Amathira adyo ali duu ngati akuthira madzi m'ndowa. Ndimamuuza Lachisanu lililonse, tadzidzimuka ngati mmene anachitira mayi ako tsiku lija! Amangondiyang'ana."

Ine ndimangofunsa za miyendo yawo yowawa.

Tsiku lina ndinakamuchezera, n'kumupeza akudula denje pathabwa. Ndinati ndimuthandize maganizo, poti kukhala ndi apongozi odandaula si zinthu.

"Bwanji osangowachitira kamodzi, mwanawe, kuti akusiye?"

Sanatukule mutu. Mpeni unapitiriza kugwedezeka pamasamba.

"Ndinadzidzimuka kale, azakhali," anatero. "Lizimira."