Mbale za Pakhonde

Ndinawachenjeza tsiku lomwelo tikutsitsa katundu m'galimoto. Apongozi anga, mayi Arlys, anagwira bedi langa lopinda n'kufunsa kuti n'la chiyani.

"N'logonekapo anthu powatikita minofu, mayi. Koma chonde musauze munthu. Laisensi yanga ndi ya ku Montana. Kuno ku North Dakota ndikagwira munthu n'kulandira kanthu, wina n'kukandineneza, ya kuno sindidzaiona, ndipo ya kwathuyo akhoza kundilanda."

"Iii, mwana iwe, mantha! Kuno wapolisi ndi mmodzi, ndipo matewera ndinkamusintha ndine."

Mwamuna wanga Dustin anaseka, ndipo posakhalitsa anabwerera kuzitsime za mafuta komwe amatha milungu osabwera. Ndinatsala ndi mwana wathu Oaklee, yemwe anali atangoyamba kuyenda, m'chipinda cha pansi pa nyumba ya apongozi, cha zenera loyang'ana matayala a magalimoto.

Laisensi ya kuno ndinali nditafunsira kale. Bungwe la boma linkafuna mapepala a kusukulu kumene ndinaphunzira, koma sukuluyo inatsekedwa. Ndikaimba foni ankangoti ndidikire.

Apongozi okha ndinkawatikita phewa, poti ndi achibale ndipo sankandipatsa kanthu. Tsoka lake, phewalo linachira.

Woyamba kubwera anali mnzawo, mayi Verna Haugen, atanyamula mbale ya mbatatesi ndi nyama, yotentha kuchokera mu uvuni. Chibwerere ndinali ndisanachezepo ndi munthu wamkulu kupatula apongozi. Ndinatereka khofi, n'kupukuta mpando. Anandifunsa za kwathu, anamusewereza Oaklee. Kenako anayamba kumasula mabatani a juzi.

"Ndigone pati, mwanangu? Msanawu wandizunza chikololere."

"Pepani mayi, sindingathe. Lamulo silindilola."

"Ndalama sindikupatsa ayi, Arlys wandiuza zonse. Ichi n'chakudya basi. Boma linayamba liti kuwerenga mbatatesi?"

Ndinafotokoza kuti malipiro ndi malipiro, kaya ndi ndalama kaya ndi mbale. Anamanganso mabatani aja pang'onopang'ono, khofi osamaliza. Mbale anaisiya. Kuno mbale siibwerera yodzaza.

Anabweranso ena, uyu ndi makeke, uyu ndi msuzi. Onse ndinawabweza, onse anasiya mbale. Firiji inadzaza ndi malipiro a ntchito imene sindinagwire. Wobwera kudzafufuza akanakhulupirira zimenezo? Galimoto yachilendo ikaima panja ndinkasuzumira pazenera, mwana ali m'manja. Kusitolo moni anasanduka wa mutu wokha. Tsiku lina ndinamva kuseri kwa mashelufu: "Wa ku Montana uja manja ake ndi agolide, satigwira ife osauka."

Lero kutchalitchi anatigawira pepala la zilengezo. Pansi pa za kwaya panalembedwa kuti, "Shayna Tollefson, katswiri wotikita minofu. Lolemba m'mawa, kunyumba kwa Arlys. Bwerani ndi mbale." Ndi nambala yanga ya foni yomwe.

Pabenchi la kutsogolo kwathu panakhala Renae Bjerke, yekhayo amene ali ndi laisensi yotikita minofu m'dera lonse lino, wa kachipinda koyandikana ndi positi ofesi. Ulaliki sindinaumve. Ndinkangoyang'ana kumbuyo kwa khosi lake. Anawerenga, n'kupinda pepalalo bwinobwino, n'kuliika m'chikwama. Ena onse anasiya awo pamabenchi.

"Mayi, mwachitiranji zimenezi?" ndinafunsa apongozi tikubwerera.

"Ndakuthandiza. Anthu akuti ndiwe wonyada. Uwagwire kamodzi kokha, upeza anzako. Kapena ufuna uzingolankhula ndi khanda mpaka chipale chofewa chisungunuke?"

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Zimenezo ndiye zinandiopsa koposa.

Dustin ndinamupeza pafoni ali pakati pa phokoso la makina, n'kumuuza za Renae ndi pepala lija. "Wayambanso, Shay? Renae amasunga chilichonse, ndi mapepala a maswiti omwe. Ndikuimbira mkati mwa sabata."

Mwina n'zoona. Koma laisensi imeneyi ndinaiphunzirira ndili ndi pakati, miyendo itatupa, ndikutikita misana ya anzanga m'kalasi. Nyumba si yanga, galimoto ndi ya tonse. Chimene chili m'dzina langa ndekha, choti chingadyetse Oaklee zitavuta, ndi chimenechi basi.

Masana ndatsuka mbale zonse n'kuzindandalika pakhonde. Iliyonse ili ndi dzina la mwini wake pakatepi kunsi, sizisokonekera. Apongozi anaziona pazenera n'kumwetulira, poganiza kuti ndikukonzekera mawa. Panopa ali kukhitchini, akuimba nyimbo ya kutchalitchi, akukanda mabanzi a alendo.

Bedi ndalilowetsa m'galimoto podzera kugalaja, n'kulifunditsa bulangete. Mkulu wanga ku Miles City, kwathu ku Montana, wati sofa yogonapo ilipo, ndipo kumene amagwira ntchito akusowa munthu. Matewera ndalongedza, botolo la mkaka ndaliika pafupi ndi makiyi.

Mayi Verna amalawirira, ndipo auza apongozi kuti iwo ndiye akhale oyamba. Oaklee ndimunyamula ali m'tulo kusanache. Akamadzagogoda ndi mbale yawo, ife tidzakhala titadutsa malire.