Wogula Amakhala Pazenera

Ku Pfupajena, lokeshoni ya ku Chegutu, palibe amene sawadziwa Mayi Mariyamu, aja ankagulitsa malalanje pa siteji ya mabasi m'tauniyo. Mawu awo, inu, ngakhale dalaivala wouma mtima ankaponda buleki. Koma bondo litayamba kuvuta, zothamangira mabasi zinatha. Ankangokhala pakhonde duu, mpaka aneba anayamba kunong'onezana kuti mwina akudwala zina.

Ndiye kuli mtsikana wina ku Kadoma, Nyasha, amajambula mawu otsatsa malonda pa wailesi. Atamva mbiri yawo, anawaitana kuti akayese kutsatsa buledi wa bekale ina ya ku Rimuka, lokeshoni ya komweko. Akakhoza, apeza ntchito yogwira ali pampando. Akalephera, basi, pakhonde paja.

Anamanga mpango wawo wa pa Idi nakwera kombi, kaminibasi kopita ku Kadoma.

M'kachipinda kojambuliramo munali zii, makoma omata masiponji. Nyasha anawakhazika pansi, maikolofoni pafupi ndi pakamwa.

"Yambani, amayi."

Mawu anatuluka onyentchera, ngati a mwana wofunsidwa samu. Anayesanso, chimodzimodzi. Thukuta kamukamu.

"Mwanangu, ndisakutayitse nthawi," anatero akufunafuna chikwama. "Ine ndimagulitsa kwa munthu, osati kwa khoma."

"Nanga ine si munthu?"

"Iwe uli pansi. Wogula amakhala m'mwamba, pazenera la basi. Chibadwire sindinagulitsepo kanthu mutu uli chowerama."

Nyasha anayamba kuseka, kenako anasiya. Anakweza maikolofoni ija m'mwamba, anavula nsapato nakwera pampando wina. Anatsamira kabati, nkhope atakwinya.

"Ndachokera ku Bulawayo, ndatopa. Sindikugula kanthu."

Mayi Mariyamu anadzutsa mutu. Sanakuwe ayi. Anayankhula motsitsa, Chishona ndi Chichewa kusakaniza monga mwa masiku onse.

"Chemwali, nkhope imeneyo ndi ya njala, musandinamize. Mukafika kunyumba ana sayang'ana kumaso kwanu, amayang'ana m'manja. Tagwirani buledi uyu, akadali wofunda. Tengani awiri, winayo mudyere m'njira, sindikakunenerani."

Atamaliza anaona kuti Nyasha watambasula dzanja, akudikira buledi woti kulibe. Onse awiri anaseka mpaka misozi.

"Lolemba mubwerenso, amayi. Kuli sopo woti mudzatsatse."

"Udzakweranso pamenepo?"

"Ndidzakwera."

"Ndiye upeze mpando wolimba, mwanangu. Uwo ukugwedera, ungadzandigwere."